Mankhwala a Munthu Mmodzi

Amuna anga anali ogula nandolo pa Migowi, ine ndinali mphunzitsi wa Bayoloje pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi pomwepo. Kwathu ndi ku Dowa. Boma linanditaya ku Phalombe matipate atangoyamba kumene, nthawi imene masukulu ankangotsegulidwa paliponse aphunzitsi ake kulibe. Ndinatsika m'basi ndikulira, fumbi mpaka m'mano, nditalumbira kuti chaka chikangotha ndipempha tiransifa. Chaka chinatha ndili pa chibwenzi. Bamboyo anali Mlomwe wa ku Mkhumba, wamtali, wa Chichewa chokoka ngati akuyamba nyimbo, ndipo sanasiye kunditchula kuti "aphunzitsi" ngakhale titabereka ana awiri. Popeza tinkakhala m'nyumba ya sukulu, anzawo ankawaseka kuti ndi mkamwini wa boma. Iwo ankayankha kuti boma ndi mpongozi wabwino chifukwa silidzutsa munthu m'mamawa kuti akalime.

Ine ndine wapakamwa, sindibisa. Ndikapsa mtima mawu amatuluka ndisanawayeze. Iwo anali ofatsa mopweteketsa mutu, ndipo chilema chawo chinali chimodzi: dzanja lawo silinkadziwa kufumbata. Jekete yatsopano inkapita kumaliro n'kubwera ili pathupi pa munthu wina. Njinga inkabwerekedwa Lolemba n'kudzaoneka Lachisanu ilibe pedulo. Ndikalalata ankangoti, "Aphunzitsi, munthuyo anazizidwa," basi nkhani yatha. Pamwamba pa zonsezo anali mwinimbumba. Makolo awo anali atamwalira, ndiye mchemwali wawo wamng'ono, amene ankakhala pamudzi ku Mkhumba ndi ana ake, ankayang'ana kwa iwo pa chilichonse. Mlamu wangayo anali wamasiye. Mwamuna wake anabwerako kumaesiteti a tiyi akutsokomola, ndipo nandolo wa chaka chotsatira sanamuone.

Matenda a amuna anga anayamba ngati ulesi. Munthu amene ankakweza thumba paphewa yekha anayamba kukhala pansi akangopalasa kuchokera pamsika. Ankadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, ankadya pang'ono n'kunena kuti akhuta. Kenako mimba inayamba kukula mbali ya kumanzere kokha, yolimba ngati dzungu. Kuchipatala cha mishoni anati ndi kapamba wa malungo, anawapatsa mankhwala a malungo, kapambayo osamva. Anthu anayamba kutiyang'ana cham'mbali, poti zaka zimenezo munthu akaonda panalibe wofunsa kuti akudwala chiyani. Tinakayezetsa tonse awiri, kachilombo sanatipeze nako. Ndiye anawatenga magazi ena, ndipo amene anakawayang'ana pamakina anatuluka nkhope itasintha, n'kutiuza kuti tisachedwe, tipite kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Kumeneko, atawaboola fupa la m'chiuno n'kutiyendetsa maulendo angapo, tinakhala pamaso pa dokotala wina wachizimayi, wamng'ono kwa ine. Anati ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu woyenda pang'onopang'ono. Anayamba kufotokoza monga amafotokozera aliyense, zoti magazi asokonekera, koma ine ndinamudula. "Adokotala, ine ndimaphunzitsa za maselo. Musandiuze kuti magazi aipa ngati mukulankhula ndi mwana. Chaipa n'chiyani, ndipo chili pati?" Amuna anga anandigwira bondo kuti ndileke. Dokotalayo sanakwiye, anangokoka mpando wake n'kuyandikira.

Zimene anandiuza tsiku limenelo munalibe m'buku lililonse la kusukulu kwathu. Selo siligawikana mwachisawawa, limadikira uthenga. Uthenga ukafika pakhungu la selo umalandiridwa ndi mapuloteni otchedwa makayinezi. Ntchito ya kayinezi ndi imodzi yokha: kutenga kachidutswa kotchedwa fosifeti n'kukamata pa puloteni ina. Puloteni imene yamatidwa fosifeti imasintha kaimidwe, imadzuka. Ena mwa mapuloteni odzutsidwa chonchi amalowa m'phata la selo, mmene muli DNA, amakakhala pamalo pawo penipeni n'kutsegula malangizo amene anali otsekeka: gawikana, usafe, gawikananso. Ntchito ikatha pamabwera mapuloteni ena odzachotsa fosifeti ija, malangizo n'kutsekekanso, selo n'kupuma. Koma m'mafupa mwa amuna anga, mmene magazi amapangidwa, selo limodzi linalakwitsa tsiku lina. Zingwe ziwiri za DNA zinaduka n'kulumikizana mosemphana, ndipo polumikizirapo panabadwa kayinezi wosadziwa kudikira uthenga. Ameneyu ankangomata fosifeti osapuma, mapuloteni otsegula malangizo aja ali chidzukire, maselo oyera akuchulukana mpaka kusowa pokhala n'kukadzaza m'kapamba.

Amuna anga sanatolepo kanthu. Tili m'minibasi pa Limbe kudikira kuti idzaze, anandifunsa kuti mayi uja amati chiyani. Ndinawauza kuti aganize za pasikelo pawo. Mlimi akabwera ndi thumba, iwo ankapisa dzanja, ndipo akapeza kuti nandolo ndi wouma, wopanda anankafumbwe, ankalemba mtanda ndi khala pathumbapo. Onyamula sankafunsa munthu, ankangoyang'ana mtanda, thumba la mtanda n'kukwera lole. "Kayinezi ndi inuyo ndi khala lanu," ndinatero. "Koma wa m'mafupa mwanuyu wapenga. Akulemba mtanda pa thumba lililonse, ngakhale la miyala, ndipo malole akungonyamuka." Anaseka mpaka kugwira mimba yowawayo. "Ndiye mankhwalawo akamumanga manja wamisalayo?" Ndinati eya, ndipo sanalakwitse. Dokotala anali atanena kuti kayinezi ali ndi kathumba kamene amatengeramo fosifeti, ndipo mankhwalawo anasulidwa kuti akalowe ndendende m'kathumba ka kayinezi wopengayo n'kukatseka.

Inali mibulu ya mtundu wa njerwa yootcha. Ife sitikanaigula ngakhale tikanagulitsa njinga, sikelo ndi ifeyo tomwe, koma inkabwera yaulere kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja. Wodwala aliyense ankapatsidwa yakeyake, yongokwanira kufika tsiku lobweranso. Potipatsa botolo loyamba dokotala anawayang'ana amuna anga m'maso n'kulankhula pang'onopang'ono. "Bambo, tsiku lililonse, mlingo wonse. Mukamadumphitsa, kayinezi uja amapeza mpata ndipo maselo amachulukananso. Mwa ambiriwo limatha kupezeka lina limene kathumba kake kasintha kaumbidwe. Zikatero mankhwalawa salowamonso, ndipo ena oposa awa m'dziko muno mulibe." Iwo anagwedeza mutu mwaulemu, monga ankachitira kwa aliyense.

Anachira ndikuona ndi maso angawa. Mvula isanagwe mimba inali itaphwa, thukuta litaleka, mbale ikubwerera kukhitchini yopanda kanthu. Chaka chotsatira ankakweza matumba pa lole akupikisana ndi onyamula. Masaya anatuluka. Kutchalitchi azimayi amene ankatilambalala anayamba kutipatsa moni wautali, maso ali pa amuna anga kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Nthawi imeneyo ma ARV anali atangoyamba kumveka, ndipo anthu anaphatikiza okha: munthu anaonda, amapita ku Blantyre, amamwa mibulu tsiku ndi tsiku, wanenepa. Anati ndi omwe aja, koma a mabwana, amphamvu kuposa a m'zipatala zathu. Ndinayesa kutsutsa pamjigo, kukwaya, paliponse, mpaka ndinaona kuti ndikamakana kwambiri m'pamene akukhulupirira kwambiri. Ndinawaleka azinena, poti mwamuna ndinali naye wamoyo ndipo ana ankamukwera pamsana.

Pamene iwo ankanenepa, mlamu wanga ankatha. Zinayamba ndi mashingozi, kenako kutsegula m'mimba kosaleka, kenako zilonda za m'kamwa zoti ngakhale phala linkamuwawa. Tonse tinkadziwa chimene chinatenga mwamuna wake. Ndinamuuza maso ndi maso kuti, "Alamu, tiyeni mukayezetse, mankhwala ake aliko tsopano." Anayang'ana pansi n'kunena kuti kuchipatala chitseko cha koyezetsa chili poyera, aliyense wodikira pabenchi amaona amene walowa, ndipo nkhani imafika ku Mkhumba mwiniwake asanatsike panjinga. Amuna anga sakanatha kumukakamiza, poti munthu ndi mlongo wake satchulirana matenda amenewo.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinapalasa kukamuona. Tinamupeza atagona pamkeka kuseri kwa nyumba, pamthunzi, ana ake akusenda kalongonda chapatali. Anadzuka movutika, anatipatsa moni, kenako anawayang'anitsitsa achimwene akewo nthawi yaitali. "Achimwene, mwanenepatu," anatero. Ananena m'Chichewa, osati m'Chilomwe monga ankalankhulirana awiriwo, ndiye nanenso ndinamva. Sanapemphe kanthu. Pobwerera amuna anga ankapalasa, ine ndili pakaliyala, phiri la Michesi lili mbuu ndi utsi wa lupsa. Titafika pakamlatho kena ka matabwa anati, "Aphunzitsi, mankhwala aja sangamuthandizeko pang'ono mwana uja?"

Ndinadumpha njinga isanaime. Ndinalalata pamsewu pomwepo, anthu ochokera kumapemphero akutidutsa. Ndinawauza kuti m'thupi mwa mchemwali wawo mulibe kayinezi wopenga, muli kachilombo, ndipo mibuluyo ikalowa mwa iye ingozungulira kufunafuna kathumba kamene kulibe, kenako ikathera kuchimbudzi. Ndinawauza kuti mbulu uliwonse umene angapereke ndi tsiku limene wamisala uja adzatolenso khala lake. Anandimvera mpaka mpweya unandithera. Ndiye anati, "Zonsezo ndamva. Koma ine ndi iye tinatuluka mimba imodzi, magazi athu ndi amodzi. Kumudzi akuti ndikuchira ndekha mlongo wanga akufa ndikuona. Ndidzaima bwanji pamanda pake ndi masaya awa?" Ndinati adzaima bwinobwino, ndi miyendo iwiri, ndipo ana athu adzakhala ndi bambo. Ndinawalumbiritsa. Analumbira, tinakwera njinga, ndipo ine ndinayesa kuti nkhaniyo yathera pakamlatho paja.

Posakhalitsa anayamba kunyamula botolo la mankhwala m'jekete popita kumsika. Anati akamwa m'mawa asanadye mokwanira amachita nseru, ndiye bola azimwa masana akadya pamsika. Zinali zomveka, nseruyo inalipodi. Ku Blantyre ankapita okha tsopano, poti ine sindikanamasiya makalasi ulendo uliwonse, ndipo botolo linkatha pa nthawi yake. Mlamu wanga naye anayamba kupezako bwino. Mvula itagwa tinamva kuti wadzuka, akutha kukatunga madzi ndi kupalirako pang'ono. Ndinathokoza Mulungu osafunsa zambiri, ngakhale ndinaona kuti amuna anga akamva zimenezi nkhope yawo inkawala kuposa mmene nkhaniyo inkafunira.

Ndinazindikira Loweruka lina masana, chimanga chitamasula. Anabwerako msanga kumsika n'kugona pamphasa pakhonde, malaya atamasula mabatani. Ine ndinkasita mayunifolomu a ana pafupi, ndipo nditacheuka ndinaona kuti mbali ya kumanzere yatukuka. Ndinaika simbi pansi, ndinagwada, n'kudina ndi zala. Dzungu lija linali litabwerera. Sanabise. Anati anayamba ndi kugawa pakati, theka iwo, theka mchemwali wawo. Ataona kuti iwo ali bwinobwino ndipo wodwalayo akudzuka, anayamba kupereka yambiri, masabata ena yonse. Zinayamba nthawi yogula nandolo, ndiye kuti miyezi yambiri inali itadutsa. "Koma mwaona nokha, aphunzitsi, akuyendatu," anatero, ngati munthu amene wapeza katundu wabwino pamsika.

Zimene ndinalankhula masana amenewo zina sindingazilembe. Ndinawatchula chitsiru, ndinawatchula wakupha, ndinawafunsa ngati ana awiri amene ali m'nyumbamu anagwa kumwamba opanda mwini. Ndinaponya simbi pabwalo makala n'kumwazika. Kenako ndinawakumbatira miyendo ndikulira, chifukwa ndinkadziwa chimene chinkachitika m'mafupa mwawo nthawi yomweyo tikukanganayo, ndipo kudziwako sikunandipatse chogwira. Lolemba tinali pa matola kupita ku Blantyre, msewu uli matope okhaokha, galimoto ikutitimira tikutsika n'kumakankha.

Dokotala uja sanawakalipire, ndipo ine ndinakwiya kuti sanawakalipire. Anati ayambirenso mlingo wonse tione. Tinaona, mimba sinaphwe. Ulendo wotsatira anatiuza zimene ndinkaopa. Maselo amene anachulukana nthawi imene mankhwala ankaperewera sanali ngati oyamba aja. Zinkaoneka kuti kathumba kasintha, ndipo mankhwala akulowamo movutika. Anati nthawi zina ukawonjezera mlingo amatha kukankha n'kulowabe, ndipo akanakonda kuyesa msanga. Koma mibulu ya munthu aliyense inkabwera yongokwanira iye yekha, ndipo pempho loti awonjezere linkayenera kupita kunja n'kudikira yankho. Kutenga ya wodwala wina kunali kumupha winayo. Ndinamugwadira mayi ameneyo muofesi mwake, ine wamwano uja, ndinamugwira nsapato. Anandidzutsa maso ake ali ofiira, n'kunena kuti awakumbutsanso akunjawo.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali kusaka mibulu. Ndinalowa m'mafamase a ku Limbe ndi ku Blantyre, ogulitsa akungopukusa mitu, ena asanamvepo n'komwe dzina lake. Ndinafunsa abusa amene anali ndi anzawo kunja. Ndinafunsa madalaivala opita ku Joni. Ndinkaima pa foni yolipira pa Migowi kuimbira kuchipatala mpaka mwini foniyo anayamba kundiyankha yekha ndisanaimbe, kuti amayi, sanayankhebe. Wina atandiuza kuti ku Chiringa kumapezeka mankhwala olowera ku Mozambique, ndinapalasa ndekha tsiku la msika. Ndinapeza bambo atayala mibulu pachiguduli, padzuwa, pafupi ndi ogulitsa usipa. Ndinamuonetsa botolo lathu lopanda kanthu. Sanawerenge n'komwe, anangofunsa mtundu wake, n'kunditolera ina yofiirira ya nyamakazi akuti ndi yomweyo. Koma abale, ndinatsala pang'ono kuigula.

Kunatsala khomo limodzi. Ndinawatuma amuna anga ku Mkhumba kuti akafunse ngati patsalako ngakhale yochepa. Kupitako ndekha anandiletsa, poti pakamwa panga ankapadziwa. Anabwerako chimanjamanja. Mchemwali wawo anagwada n'kuwauza kuti anamwa yonse, sanasiyeko ndi umodzi womwe, ndipo ndi imene yamudzutsa. Anandifotokozera zimenezi akumwetulira, milomo itayera.

Kusukulu silabasi sinandimvere chisoni. Inafika nthawi yophunzitsa kugawikana kwa maselo. Ndinajambula selo pabolodi, ndinajambula phata lake, ndinalijambula litasanduka awiri, kenako anayi. Dzanja linapitiriza lokha mpaka bolodi lonse linadzaza. Mtsikana wina wa kutsogolo anafunsa kuti, "Madamu, nanga limadziwa bwanji kuti lisiye?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za mapuloteni ochotsa fosifeti, koma chimene chinatuluka sanali mawu. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa labu yathu yopanda zipangizo ija mpaka belu linalira. Ngakhale mapemphero anga anasintha. Anzanga akupempha machiritso, ine ndinkati, "Ambuye, ndi kachidutswa kakang'ono, kosaoneka ndi maso, kachotseni. Mulandeni khala wamisalayu." Ndinkabwereza mawu omwewo ndikuphika, ndikuchonga makope, ndikuchapa zofunda zonyowa ndi thukuta.

Yankho la kunja lisanafike, matenda anasintha liwiro. Usinini unayamba kutuluka magazi, m'miyendo munatuluka zigamba zakuda munthu asanagundidwe ndi kanthu, mafupa ankawawa moti bulangete lenilenilo ankalikana. Thupi linkatentha osazizira. Ku Blantyre anati khansa ija yasiya kuyenda, yayamba kuthamanga, ndipo ngakhale mibulu itabwera thumba lathunthu singachitenso kanthu. Anapempha okha kuti tibwerere kufupi ndi kwawo. Kuchipatala cha mishoni anawawonjezera magazi, ndipo anzawo a pamsika anabwera kudzapereka awo, ena atavala majekete amene ndinkawadziwa.

Tsiku lomaliza limene analankhula zomveka, ndinkawapukuta m'kamwa ndi kansalu konyowa. Anandigwira mkono. "Aphunzitsi, mwandikwiyirabe?" Ndinati kwambiri, ndipo ndikwiyabe mpaka tidzakumane. Anayesa kuseka. "Wamisala uja wamasuka, eti? Malole akungonyamuka." Ndinagwedeza mutu. Kenako anati, "Komabe mwana uja akuyenda. Sizinapite pachabe." Yankho lake ndinali nalo pakamwa, la makayinezi ndi tithumba tawo, loti mibulu yawo sikanatha kudzutsa munthu wa kachilombo. Ndinalimeza. Anamwalira m'mawa mwake dzuwa litakwera, azimayi akudutsa panja ndi madengu a nandolo wamuwisi kupita kumsika.

Tinawaika ku Mkhumba, kwa amayi awo. Nkhani ya mankhwala inali itamveka mudzi wonse, ndipo olankhula pamaliro anaibwereza mmodzi ndi mmodzi: uyu anali mwinimbumba weniweni, anadzimana kuti mlongo wake akhale moyo. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisayankhe. Titameta, anthu atabalalika, ndinkalongedza katundu wa ana pamene mlamu wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba, pamthunzi pomwe paja. Thupi linali litayamba kubwerera, ankayenda yekha osagwira chipupa. Anagwada atanyamula chitini cha mkaka waufa chokulunga m'kansalu.

"Alamu, ndili ndi katundu wa achimwene."

Anachiika pansi pakati pathu n'kuvundukula. Munali mibulu ya mtundu wa njerwa yootcha, ina m'timapepala ta shuga, ina yomanga m'tinsalu, ya pansi itamatana ndi chinyezi. Chitinicho chinangotsala pang'ono kudzaza.

Anafotokoza maso ali pansi. Anamwa masiku oyamba okha. Inkamusanzitsa, zikope zinatupa mpaka kumaona movutika, ndiye anaileka. Patapita nthawi azimayi oyendera odwala a kutchalitchi kwawo anamutenga mwakachetechete kukayezetsa kuchipatala cha kutali, kumene samudziwa, ndipo anayamba kulandira ma ARV akeake. Ndi amene anamudzutsa. Koma achimwene ake ankabwerabe, atapalasa mtunda wonsewo, thukuta lili kamukamu, n'kutulutsa kaphukusi m'jekete. "Ndikanatani, alamu? Munthu wadzimana kuti andipatse, ine ndimuuze kuti mphatso yanu ikundisanzitsa, tengani? Nanga dzina la matenda anga ndikanalitchula bwanji kwa mlongo wanga? Ndinkalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, akapita n'kuika umu."

Ndinamufunsa za tsiku limene anabwera kudzafunsa ngati yatsalako. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. Anati chitinicho chinali pamwamba pa chipupa, pansi pa udzu wa denga, moyang'anizana ndi pamene achimwene anakhala. "Ndinaona kuti ndikachitsitsa adziwa kuti miyezi yonseyi ndinkawanamiza. Ndinachita manyazi. Komanso iwo sananene kuti akuifuna kuti akhale moyo. Anayamba acheza, afunsa za ana, za kumunda, ndiye potsanzika m'pamene anangofunsa pang'ono, ngati si nkhani yaikulu."

Mpaka lero sindidziwa ngati mibulu imeneyo ikanawapulumutsa nthawi imene dokotala ankafuna kuwonjezera mlingo. Mwina kathumba kanali katasinthiratu. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlamu wanga akanabweza kaphukusi koyamba kaja, amuna anga akanangoseka, n'kumwa mankhwala awo, ndipo bwenzi pano ali pasikelo akugawa majekete. Ine amene ndinalalatira munthu pamsewu anthu akuona, amene ndinaponya simbi ya moto, ndinafunafuna mkwiyo wanga pamthunzi paja osaupeza. Patsogolo panga panagwada mayi wamasiye ngati ine ndemwe, ana ake akusuzumira pangodya ya nyumba, ndipo tsopano analibe wowayang'anira.

Anavundikira chitinicho, anachikulunganso bwinobwino, n'kunditambasulira. "Tengani, alamu. Ndi amphamvu awa, ndi a ku Blantyre. Mwina angathandizeko wina."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti zikomo.